Makoma Omwe Tinagwetsa Tokha

Khola lakale linagwa mu Januwale, ine ndili kusukulu. Nditatsika basi masana ndinapeza denga latitimira pakati ngati msana wa ng'ombe yokalamba, sinowo, chipale chofewa chija, atadzaza m'kati, ndipo mbuzi za adadi zinali m'galaja, zikudya makatoni a amayi. Palibe inafa. Adadi anali atazitulutsa m'mawa atamva mitengo ya denga ikulira, ndipo aliyense woimba foni sabata imeneyo ankamufotokozera nkhaniyo kuyambira pachiyambi. Denga linagwa pamodzi ndi khoma lakumbuyo. Makoma atatu anatsala chiimire, ofiira, opendekera pang'ono.

Kuti mumvetse chimene kholalo linali kwa ife, ndiyambe ndi adadi. Kwathu ku Dowa anali mlangizi wa ziweto. Ankayenda pa njinga yamoto m'midzi, ndipo ng'ombe ikavutika pobereka anthu ankawatulutsa ngakhale m'tchalitchi. Amayi ndi amene anayamba kubwera kuno kutsidya kwa nyanja, kudzagwira unamwino pachipatala ku South Bend. Ine ndi adadi tinawatsatira nditangomaliza Fomu 2. Kuno mapepala a adadi sanawerengedwe kanthu. Anapeza ntchito kunyumba yosungirako okalamba, yosambitsa anthu, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi. Sankadandaula, koma m'fulati momwe tinkakhala poyamba ankangoonda, ndipo patebulo ankayankha ndi mutu.

Ndiye amayi anamva za kamalo kena kunja kwa tauni, pakati pa minda ya chimanga ya azungu. Nyumba yake inali yakale, yolowa mphepo, koma panali khola lalikulu la matabwa pafupi ndi msewu, pomwe msewuwo ukukhota. Adadi nyumbayo sanayiyang'ane n'komwe. Analowa m'kholamo, n'kununkhiza, n'kunena kuti tigule. Anayamba ndi mbuzi zochepa. Mbiri inafala msanga. Anthu akwathu a ku South Bend ndi a ku Indianapolis, ngakhale a mayiko ena a ku Africa, anayamba kubwera kudzafuna mbuzi ya ukwati, ya Khirisimasi, ya maliro. Ankafika n'kuima pakhomo la khola n'kumati, "Adokotala alipo?" Adadi ankatuluka akupukuta manja, ndipo ndinkaona kuti mapewa awo abwerera m'malo.

Choncho khola litagwa, panalibe wofunsa ngati timanganso. Funso linali lakuti liti.

Sinowo atasungunuka, adadi anavala jekete ya kutchalitchi n'kuwoloka msewu. Kutsidyako kumakhala agogo ena achizungu, amasiye, amene anabadwira pomwepo, ndipo ankati kholalo analipeza lili kale ali kamtsikana. Ine ndinaperekeza. Adadi anavula chipewa, anafunsa za miyendo ya agogowo, za galu wawo, za ana awo a kutali, kenako ndi pomwe ananena kuti akufuna kudzutsa khola lija, ngati iwo sakuona chovuta. Agogowo anaseka n'kunena kuti angasangalale, pakuti atopa kuyang'ana khola logumuka pawindo. Tikubwerera adadi anati, "Basi, tapempha. Wamkulu wa pamalo pano ndi ameneyu." Ine ndinavomera. Ndinali nditaphunzira kale za boma la kuno m'kalasi, ndi nthambi zake zonse, koma palibe mphunzitsi anatchulapo za khola.

Adadi anaitanitsa dima. Kwathu dima ndi pamene munthu waitana anzake kudzamuthandiza ntchito yaikulu tsiku limodzi, iye n'kuwakonzera chakumwa. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Lawrence, ku Indianapolis, ndi thiraki yawo, atadzaza abambo a kumpingo kwawo ndi ufa wa mawere wogula m'masitolo a ku Lafayette Square. Amayi anaphika thobwa m'mapoto onse a m'nyumba. Amene anabwerawo anali manesi, ana a ku yunivesite, abusa, ndi wina wokonza makompyuta amene anafika atavala nsapato zoyera. Amalume okha ndi amene anali ndi zida zenizeni, ndipo ankafuna aliyense adziwe.

Amalume anazungulira makoma atatu otsala aja, akuwamenya ndi chibakera. "Alamu, awa ngolimba. Tingowawongola, tiike khoma lakumbuyo ndi denga, pofika madzulo tili pa nyama."

Adadi anapukusa mutu. Analowetsa nsonga ya mpeni m'thabwa limodzi la m'munsi, n'kutulutsa fumbi. "Chatsopano sasanjika pa chowola. Mukasiya mtengo wakale umodzi, mwasiyira chiswe njira."

"Chiswe chake chiti? Alamu, kuno chiswe chimafa ndi chisanu chisanapeze n'komwe viza."

Anthu anaseka, adadi nawo anaseka, koma sanasinthe. "Kwathu khola likagwa umayamba walambula. Ine sindinaonepo munthu akufolera denga pa bwinja. Anthu odutsa angati m'nyumba umu mumakhala anthu otani?"

Panalibe wotsutsa, chifukwa aliyense pamenepo anakulira komwe zimatero. Anamanga chingwe kumutu kwa khoma loyang'ana kumsewu, mbali ina n'kumanga kuthiraki ya amalume. Khomalo linakana kaye. Linalira, linagwedera, thiraki n'kumakumba matope, ndipo amalume anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Mwaona? Si ndinanena kuti ngolimba?" Kenako linagwa, fumbi lofiira n'kukwera, amayi a kumpingo n'kuimba nthungululu. Ena awiriwo anagwa mosavuta. Ine ndinawomba m'manja kwambiri kuposa onse. Matabwa akale tinawatuta kukataya, ndipo madzulo adadi anatenga tsache n'kusesa simenti yapansi mpaka inayera ngati khonde la nyumba ya abusa.

Kumanga kunatenga Maloweruka angapo. Khola latsopano linaima pa simenti yomweyo, kukula kwake komweko, koma lowongoka, la malata obiriwira, lokhala ndi tizipinda ta mbuzi zobereka ndi malo osungira udzu wouma m'mwamba. Penti ndinapaka ine, wofiira ngati wakale, chifukwa agogo a kutsidya anapempha choncho. Tsiku lomwe mbuzi zinachoka m'galaja amayi anati tsopano angathe kupita kuntchito osanunkha tonde. Adadi akaweruka sankalowanso m'nyumba kaye. Ankapita kukhola ndi yunifolomu ya kuntchito, n'kukhala pa ndowa yovundikira, akuyankhula ndi mbuzi m'Chichewa. M'chilimwe chimenecho zinaswana kwambiri. M'dayale yanga ndinalemba kuti tafika, kuti tsopano kuno ndi kwathu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Chakumapeto kwa Ogasiti, masana ena, panaima galimoto yoyera pageti. Anatsika bambo wina wamtali, wa ku ofesi yoona za zomangamanga m'dera lathu. Anali waulemu. Adadi anamutulutsira mpando, iye n'kukana, n'kupempha kuti ayeze kaye. Anakoka tepi kuchokera m'mphepete mwa msewu kufika pakhoma la khola, ndipo sanakoke patali. Ankayankhulana m'Chingerezi, ine nditaima pambali ndi botolo la madzi lomwe amayi anandituma kuti ndipatse mlendo.

Anafunsa ngati adadi anatenga pemiti, chilolezo cha boma, asanamange.

"Sindinamange," anatero adadi, akumwetulira. "Khola ili linalipo inu ndi ine tisanabadwe. Linagwa, ine ndangolidzutsa."

"Nanga makoma akale ali kuti? Alipo m'katimu?"

"Ayi, bwana. Tinachotsa zonse. Palibe ndi thabwa limodzi lomwe lakale. Lowani muone nokha." Ananena monyadira, ngati mmene amanenera kuti mbuzi zawo zilibe nkhupakupa.

Bamboyo anavula kapu n'kukanda m'mutu. Anafunsa kuti sinowo anagwetsa zochuluka bwanji, ndipo adadi anamuuza zoona, kuti denga ndi khoma limodzi. Ndiye anafotokoza pang'onopang'ono. Lamulo la masiku ano silola chomanga chilichonse kuyandikira msewu choncho. Khola lakale linkaloledwa chifukwa linamangidwa lamulolo lisanabwere, ndipo likanakhalabe ndi ufulu umenewo ngati tikanangolikonza. Koma chikachotsedwa chonse, ufuluwo umathera pomwepo, ndipo chomwe chaima pamalopo chimawerengedwa ngati chatsopano.

"Mukanasiya makoma aja n'kungoika denga," anatero, "ine ndikanangokudzudzulani chifukwa cha pemiti, n'kukuthandizani kuitenga. Pano nkhani yake ndi ina."

Adadi anatembenuka n'kuyang'ana khoma loyang'ana kumsewu, lomwe ndinapaka ine. Analiyang'ana nthawi yaitali. Bamboyo anati njira ilipo imodzi: kupempha chilolezo ngakhale tamanga kale, n'kukaonekera pamaso pa komiti yomwe ili ndi mphamvu yolola kuti lamulo lipatukidwe. Komitiyo ikakana, khola liyenera kuchoka. Madzi aja anamwa, n'kuthokoza, n'kupita.

Kulisuntha sikunali kotheka. Kuseri kwa nyumba yathu malo ngotsika, ndipo sinowo akamasungunuka pamakhala dambo mpaka mu Meyi. Adadi ankati mbuzi ikaima pamenepo ziboda zimawola. Malo okwera ndi pomwe panali kholapo basi, n'chifukwa chake akalewo anamangapo. M'galaja simukanakwananso mbuzi zonse zija. Ndipo chisanu cha kuno mbuzi singachipirire panja. Tonse tinadziwa, ngakhale panalibe wonena, kuti khola likachoka mbuzi nazo zichoka.

Ine sindinachite mantha. Ndinkakhulupirira kuti anthu akamva nkhani yonse bwinobwino sangakane. Mapu a malo athu omwe ankafunika poapulaya ndinajambula ndine, mulaibulale ya kusukulu, ndipo dambo lija ndinalipaka buluu kuti aliyense alione. Pageti pathu anadzazika chikwangwani chachikasu cholengeza za msonkhano wa komiti. Anzanga a m'basi ankachiwerenga mokweza m'mawa uliwonse. Wina anafunsa ngati mbuzi zathu zamangidwa ndi apolisi. Ndinaseka nawo.

Lamlungu lina tinapita ku Indianapolis kukapemphera kumpingo wa amalume, kuti tikatha tikambirane. Pabalaza pawo ku Lawrence panadzaza abambo omwe aja anabwera ku dima. Amalume anayamba ndi kuwayang'ana mmodzimmodzi.

"Amati mutu umodzi susenza denga. Chabwino. Koma mitu yonseyi, madigiri onsewa, panalibe ndi umodzi womwe woganiza za pemiti?"

"Inu amene muli ndi zida zenizeni bwanji simunaganize?" anatero wa nsapato zoyera uja.

"Ine ndinati tisiye makoma. Mboni zilipo."

"Munanena chifukwa cha lamulo kapena chifukwa cha nyama?"

Anaseka onse kupatula adadi. Wina anati bwanji titenge mbuzi yonenepa tikapereke kwa wapampando wa komiti, monga mopepesa. Amayi anatulukira kukhitchini ndi chipande m'manja. "Mukufuna bambo awa ndizikawaona kundende Loweruka lililonse? Kuno zimenezo amati ziphuphu."

Amalume anasendera pafupi ndi adadi n'kutsitsa mawu. "Alamu, mukakafika kumeneko mukangoti tinakonza. Mukanene kuti nsanamira zina zakale zili m'kati mwa makoma. Ndani akang'ambe matabwa kuti aone?"

"Ndinamuuza kale munthu uja zoona. Ndipo ngakhale ndikanapanda kumuuza, sindingaime pa bwalo n'kunama. Ndikapepesa. Wolakwa akadzichepetsa, akuluakulu amamva."

"Amenewo si akuluakulu, alamu. Ndi anthu ogulitsa inshuwalansi."

"Akakhala pampando ndi akuluakulu."

Pobwerera amayi ndi amene ankadiraiva, ine ndi adadi tili kumbuyo. Ndinali nditawerenga kuti wopempha amapatsidwa mphindi zochepa chabe, choncho ndinawalembera zoti akanene: kuti khola lili pa simenti yakale, kuti kumbuyo kuli dambo, kuti popanda khola mbuzi sizingakhale. Anawerenga kawiri n'kundibwezera.

"Mama, Chingerezi chako n'chabwino. Koma munthu sayamba ndi chimene wadzera. Ukufuna ndikangofika n'kutambasula dzanja ngati mwana wofuna switi?"

"Adadi, nthawi yake ndi yochepa. Akuti pamakhala kanyali. Kakafiira, basi."

"Munthu wamkulu akuyankhula angamudule ndi nyali?"

Ndinawapempha kuti dambo lokha asaliiwale. Anati sangaiwale, lifika pa nthawi yake.

Msonkhanowo unachitika masana, m'katikati mwa South Bend, m'chipinda cha m'mwamba cha nyumba ya maofesi. Anthu akwathu anabwera ambiri, ena atasinthitsa mashifiti, abambo m'masuti, amayi m'zitenje, monga mmene timapitira pa mlandu wa m'bale. Tinadzaza mizere yonse yapakati. Ena omwe anali ndi nkhani zawo tsikulo anabwera okhaokha, m'mathalauza a jinzi. Wina ankafuna mpanda wautali, wina galaja. Aliyense ankaima, n'kunena chomwe akufuna m'mawu ochepa, n'kukhala. Ndinagwira adadi pamkono kuti aone mmene anzawo akuchitira. Anandisisita dzanja.

Nthawi yathu itakwana, bambo wa ku ofesi uja anafotokoza nkhani yonse mosakondera, n'kuonetsa mapu anga pakhoma. Dambo langa la buluu linaoneka bwino, koma palibe analitchula. Kenako adadi anaima, atavala suti ya ukwati wawo, manja kumbuyo. Anapereka moni kwa mayi wapampando, kenako kwa mamembala mmodzimmodzi. Anathokoza dziko lino chifukwa chotilandira. Anathokoza chifukwa cha misewu yomwe amaichotsa sinowo ife tili m'tulo, ndi sukulu yomwe mwana wawo akuphunzira. Anafotokoza kumene anachokera ndi ntchito yomwe ankagwira. Mawu awo anali okoma, odekha, ndipo kumbuyo kwanga ndinkamva akwathu akuvomera chapansipansi. Kanyali kanasanduka kachikasu ali pa tsiku lomwe denga linagwa. Kanafiira akufotokoza mmene anawolokera msewu kukapempha kwa agogo.

Mayi wapampando anawalola kupitirira pang'ono, kenako anati, mokoma mtima ndithu, amalize ndi mawu amodzi. Adadi anaima kaye. Ndinkanong'ona ndekha kuti dambo, adadi, dambo. Iwo anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Ndinalakwa. Sindikutsutsa lamulo lanu. Chilichonse chomwe mungagamule ndichilandira ndi manja awiri."

Kwathu mawu amenewo ndi omwe amafewetsa bwalo. Wolakwa akatero, akuluakulu amayang'anana n'kuyamba kumufunira njira. Kuno ndinaona mamembala akulemba, ngati kuti auzidwa kuti nkhaniyo ilibe vuto.

Mmodzi wa iwo, bambo wa magalasi, anafunsa funso limodzi: kodi pamalo pathu pali malo ena pomwe khola lingaime kutali ndi msewu?

"Malo alipo, bwana," anatero adadi. Ndipo anadikira. Ndikudziwa chomwe ankadikira. Ankadikira kuti afunsidwe kuti malowo ngotani, chifukwa kuwonjezera mawu pamene wamkulu sanafunse kunali ngati kumutsutsa. Bamboyo anagwedeza mutu, n'kuthokoza, n'kulemba. Adadi anakhala pansi.

Agogo a kutsidya anaima ndi ndodo yawo n'kunena kuti kholalo ndi labwino kuposa lakale ndipo anthu ake ngabwino. Ine ndinakweza dzanja ngati m'kalasi, ndipo anandilola. Ndinanena za dambo. Ndinathamanga kwambiri poyankhula, ndipo wa magalasi uja anati malo otsika angathe kuthiridwa miyala n'kukwezedwa, anthu ambiri amatero. Munthu woona za misewu anafotokoza kuti pokhota paja khola limatchinga, woyendetsa galimoto saona chomwe chikubwera, ndipo basi ya sukulu imaima pafupi pomwepo. Anati lakale linkatchinganso chimodzimodzi, n'chifukwa chake lamulo limadikira kuti zoterezi zikatha zisabwererenso. Sanali munthu woipa. Basi yomwe ankanenayo ndi yomwe ndimakwera ine.

Mamembala a komiti anakweza manja povota. Mmodzi yekha, mayi wachikulire wa kumapeto, ndi amene anali mbali yathu. Anatipatsa nthawi yoti khola likhale litachoka chisanu chisanafike. Adadi anaimirira, anawerama, n'kuthokoza komiti chifukwa cha nthawi yawo.

M'khonde amalume ankayenda uku ndi uku akukamba za maloya ndi apilo. Amayi anawauza kuti akhale chete kaye. Akwathu ankabwera mmodzimmodzi kudzagwira adadi chanza ndi manja awiri, monga amachitira pasiwa. M'galimoto tinayenda mpaka nyumba zinatha, minda n'kuyamba. Ndi pomwe adadi anatembenuka pampando wakutsogolo n'kundiyang'ana.

"Koma ndinayankhula mwaulemu, eti mama?"

"Eya, adadi. Mwaulemu kwambiri."

Anagwedeza mutu n'kuyang'ananso kutsogolo. Ndinakanikiza nkhope pagalasi kuti asandione pakalilole.

Za apilo adadi anakana. Anati ananena pamaso pa anthu kuti alandira, ndiye sangabweze mawu. Mbuzi zinapita mu Okutobala. Amalume anapeza mlimi wina kufupi ndi Indianapolis amene anavomera kutenga zonse pamodzi, kuti zisabalalike. Adadi anazikweza okha m'ngolo, iliyonse akuiyang'ana m'kamwa ndi m'ziboda, n'kumauza amalume zoti akanene: iyi imakana mwana wake tsiku loyamba koma asaikakamize, iyo isadye pafupi ndi tonde. Amalume, amene sakhala chete, ankangoti, "Ndamva, alamu." Ngolo itatuluka pageti adadi analowa m'nyumba, anasamba, n'kupita kuntchito, ngakhale sinali shifiti yawo.

Anthu amaimbabe foni. Khirisimasi ikamayandikira amafunsa ngati adokotala ali ndi kambuzi. Adadi amapereka foni kwa amayi.

Pophwasula khola adadi sanaitane dima. Amayi atafunsa, anati anthu anasiya ntchito zawo kudzamanga, ndiye sangawaitane kuti adzagwetse thukuta lawo lomwe. Chingwe sanagwiritsenso ntchito. Ankakwera makwerero akaweruka, n'kumamasula lata limodzilimodzi, thabwa limodzilimodzi, ine ndikulandira pansi ndikabwera kusukulu. Misomali ankaizula mosamala n'kuiwongola pa mwala. Masiku anali atayamba kufupika, mphepo ikuluma zala. Loweruka lina amalume anangotulukira osaitanidwa, ndi zida zawo, ndipo anagwira ntchito tsiku lonse osaseka aliyense. Pochoka anangoti, "Makoma awa ndiye ngolimbadi, alamu."

Ine ndakhala ndikuwerenga za kukweza malo otsika. N'zotheka. Pamafunika miyala yambiri, ngalande, ndi pemiti yotengeratu, ndipo tsopano ndikudziwa khomo lomwe amagogoda. Ndinawauza adadi tsiku lina tikudya. Anangopempha mchere. Amayi anandiponda phazi pansi pa tebulo.

Tsiku lomwe tinkatuta matabwa omaliza kukawasanja kuseri kwa galaja, ndinaona kuti thabwa lililonse lili ndi kachizindikiro ka choko kumapeto. Ena anali ndi mtanda, ena kamzere, ena chilembo. Adadi sankawaunjika chisawawa. A khoma limodzi ankawaika pamodzi, n'kulowetsa timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, pamwamba n'kufunditsa malata.

"Adadi, zizindikirozi n'zachiyani?"

Sanandiyang'ane. Anawerama n'kugwira thabwa lina lalitali, la pamwamba pa chitseko.

"Gwira kumapeto uko, mama. Usandifunse mafunso a komiti."

Ndinagwira. Linali lolemera kuposa mmene linkaonekera, ndipo tinayenda nalo pang'onopang'ono, iwo kutsogolo, ine kumbuyo.